Mwana Wasankhidwa Kupita ku Fomu 1: Zimene Banja Liyenera Kukonza pa Maphunziro Ake

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, m'midzi ndi m'matauni a boma lino mumamveka nthungululu. Dzina la mwana likapezeka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale, banja limayamba kuthamangathamanga: nsalu ya yunifolomu kwa telala, nsapato zakuda, makope, zolembera, ndipo kwa opita ku sukulu yogonera komweko, sutikesi, bulangete, ndowa ndi ndalama yoyendera. Zonsezi n'zofunika. Koma pali nkhani ina imene mabanja ambiri saikhalira pansi, yomwe ndi ya maphunziro enieniwo amene mwanayo akukayamba, ndi mmene azigawira nthawi yake pa maphunzirowo.

Ambiri amaona Fomu 1 ngati chaka chopumira pambuyo pa thukuta la Sitandade 8, poti kumapeto kwake kulibe mayeso a boma. Komatu ndi m'chaka chimenechi mmene ana ambiri amayamba kutaya maphunziro ena mwakachetechete, makolo osadziwa. Zotsatira zake zimadzaoneka patatha zaka zinayi, pamene mwana wakhoza mayeso a Fomu 4 koma alibe phunziro limene sukulu ya unamwino, ya uphunzitsi kapena ya ukachenjede ikufuna. Pamenepo palibenso chobweza. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Zimene zimasintha mwana akalowa sekondale

Ku pulayimale mwana amazolowera mphunzitsi mmodzi kapena awiri amene amakhala naye tsiku lonse, amamudziwa dzina, ndipo nthawi zambiri amadziwanso makolo ake. Ku sekondale phunziro lililonse lili ndi mphunzitsi wake. Belu likalira wina amatuluka, wina n'kulowa, ndipo aliyense amasiya ntchito yake mosayang'ana kuti mnzake wasiya yochuluka bwanji. Mwana amene sanazolowere kulemba zoti achite amaiwala zina, ndipo zotsalira zimayamba kuunjikana.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Kupatula phunziro la Chichewa, ndi Chifalansa kumene chimaphunzitsidwa, zonse zimaphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Chingerezi. Mwana wofooka pa Chingerezi savutika m'phunziro limodzi lokha. Amavutikanso kumva funso la Masamu, kulemba yankho la History ndi kutsata malangizo a mu labotale.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa maphunziro. Zimene ku pulayimale zinali phunziro limodzi la sayansi, ku sekondale zimagawika kukhala Biology, Physics ndi Chemistry, lililonse ndi kope lake, buku lake ndi mayeso ake. Zokhudza chikhalidwe cha anthu ndi malo nazo zimagawika kukhala Geography, History ndi Social Studies. Choncho mwana amene anazolowera maphunziro ochepa amadzidzimuka atapeza kuti pa sabata akukumana ndi maphunziro oposa khumi.

Maphunziro a Fomu 1 m'magulu atatu

Maphunziro a m'sukulu za sekondale amakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi m'boma la Zomba, mogwirizana ndi unduna wa zamaphunziro. Kholo lingathe kuwamvetsa mosavuta powaika m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la maziko: Chingerezi, Chichewa ndi Masamu. M'zilankhulo ziwirizi mwana amaphunzira malamulo a chilankhulo, kulemba chimangirizo ndi kalata, kumvetsa nkhani, komanso ndakatulo, nthano ndi masewero. M'Masamu amakumana ndi manambala otsika kuposa ziro, ndiponso masamu ogwiritsa ntchito malembo m'malo mwa manambala, amene amatchedwa algebra. Mwana akapanda kumvetsa zinthu ziwirizi m'teremu yoyamba, Masamu a zaka zitatu zotsatira amamukhalira phiri, chifukwa mitu yambiri ya m'tsogolo imamangidwa pa zimenezi.

Gulu lachiwiri ndi la sayansi: Biology, Physics, Chemistry ndi Ulimi. Biology imayamba ndi zamoyo, magulu ake ndi mmene thupi limagwirira ntchito. Physics imayamba ndi kuyeza utali, kulemera ndi nthawi, kenako mphamvu zokoka ndi zokankha. Chemistry imayamba ndi zipangizo za mu labotale, malamulo opewera ngozi, ndi zizindikiro za zinthu zimene zimapanga dothi, madzi ndi mpweya. Kale Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, ndipo makolo ambiri amene anaphunzira sekondale amalikumbuka motero. Lero ndi maphunziro awiri, ndipo lililonse lili ndi giredi yake pa satifiketi. Ulimi ana ena amaupeputsa poganiza kuti amaudziwa kale kuchokera kumunda, koma mayeso ake amafunsa za nthaka, mbewu, ziweto ndi malonda a zokolola m'njira yofuna kuwerenga.

Gulu lachitatu ndi la maphunziro a chikhalidwe ndi luso: Geography, History, Social Studies, Life Skills, Bible Knowledge kapena Religious and Moral Education, komanso ena monga Computer Studies, Home Economics, Business Studies, Chifalansa, Technical Drawing, ukalipentala ndi ntchito za zitsulo. M'gulu limeneli ndi mmene sukulu zimasiyana kwambiri. Phunziro limapezeka pa sukulu pokhapokha ngati pali mphunzitsi wake ndi zipangizo zake. Sukulu yopanda magetsi ndi makompyuta singaphunzitse bwino Computer Studies, ndipo yopanda malo a zipangizo za umisiri singaphunzitse ukalipentala. N'chifukwa chake kholo liyenera kudziwa zimene sukulu ya mwana wake ili nazo, osati zimene lamva za sukulu ina.

Kumene maphunzirowa akulowera

Kufunika kwa Fomu 1 kumaoneka bwino munthu akayang'ana masitepe amene ali kutsogolo.

Kumapeto kwa Fomu 2 mwana amalemba mayeso a JCE, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB. Mayesowa anaimitsidwa kwa zaka zingapo koma anabwezeretsedwa mu 2021. Mafunso ake amachokera pa ntchito ya Fomu 1 ndi Fomu 2, ndipo kuti mwana apeze satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6, limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Izi zikutanthauza kuti kope la Fomu 1 si lokulungira mandasi chaka chikatha. Lidzafunikanso.

Polowa Fomu 3 ndi pamene mwana amachepetsa maphunziro, n'kutsamira ku sayansi kapena ku maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Aphunzitsi polangiza mwana kapena pomuika m'kalasi amayang'ana mmene wakhala akukhozera kuyambira Fomu 1. Mwana amene anasiya kulowa m'kalasi la Chemistry ali Fomu 1 sangalitole phunzirolo ali Fomu 3, ngakhale atazindikira kuti akufuna udokotala.

Kumapeto kwa Fomu 4 kuli mayeso a MSCE. Magiredi ake amayambira pa 1 kulekezera pa 9, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi amene anthu amatchula zotsatira zikatuluka amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino. Mwachitsanzo, amene wapeza 2, 3, 3, 4, 4 ndi 5 ali ndi mapointi 21, ndipo amene wapeza 1 m'maphunziro onse 6 ali ndi mapointi 6, omwe ndi apamwamba kuposa onse.

Kuti mwana aganiziridwe m'sukulu za ukachenjede za boma, zomwe ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, amafunika makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi. Koma mapointi abwino paokha sakwanira, chifukwa ntchito iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Za udokotala, unamwino ndi zamankhwala zimayang'ana Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Za uinjiniya zimatsamira pa Masamu ndi Physics. Za ulimi ku LUANAR zimafuna Masamu ndi sayansi. Za kawerengedwe ka chuma zimafuna Masamu. Ngakhale sukulu zophunzitsa aphunzitsi a pulayimale zimayang'ana Chingerezi, Masamu ndi sayansi. Ana awiri angathe kukhala ndi mapointi ofanana, wina n'kusankhidwa, wina n'kutsala, kusiyana kwake kungokhala giredi ya Masamu.

Mwana amene adzasankhe ntchito za manja kudzera m'makoleji a zaumisiri ndi bungwe la TEVETA nayenso sadzathawa maphunzirowa. Wa zamagetsi amawerengera mphamvu ya waya, mmisiri womanga amayeza ngodya ndi kuchuluka kwa simenti, ndipo telala amagawa nsalu ndi tepi.

Kutaya phunziro mwakachetechete

Palibe mwana amene amalengeza kunyumba kuti wasiya Physics. Zimayamba pang'onopang'ono. Walephera mayeso oyamba, anzake a makalasi apamwamba amuuza kuti phunzirolo ndi la anzeru okha, wayamba kukhala kumbuyo, kenako nthawi ya phunzirolo ikakwana amapezeka pansi pa mtengo. Atsikana amakumananso ndi mawu akale akuti Masamu ndi sayansi ndi za anyamata, mawu amene alibe maziko, chifukwa m'zipatala, m'sukulu ndi m'makampani a dziko lino muli amayi ambiri amene anakhoza maphunziro omwewo.

Zizindikiro zake kholo lingazione ngakhale lisadziwe Chingerezi. Kope la phunziro lotayidwa limakhala loyera, lolembedwa masamba ochepa oyambirira basi, pamene makope ena atsala pang'ono kudzaza. Masiku olembedwa pamwamba pa ntchito amadumpha milungu. Mulibe cholembera chofiira cha mphunzitsi. Kholo limene limapempha kuona makope onse kamodzi pa sabata, n'kuwayala pamkeka, lidzazindikira vutoli mwezi usanathe.

Lamulo loyenera kugwirizana ndi mwana kuyambira tsiku loyamba n'lakuti m'Fomu 1 ndi Fomu 2 palibe phunziro lotaya popanda kukambirana pakati pa mwanayo, kholo ndi mphunzitsi. Mwana wa zaka 13 kapena 14 amasintha maganizo kangapo pa ntchito imene akufuna kudzagwira. Ntchito ya zaka ziwiri zoyambazi ndi kusunga makomo onse otsekula kufikira atakhwima maganizo.

Mafunso opita nawo kusukulu

M'milungu iwiri yoyamba ya teremu, kholo kapena womuyang'anira mwana ayenera kukaonekera kusukulu, osati kukasiya katundu kokha koma kukacheza ndi mphunzitsi wamkulu kapena mphunzitsi woyang'anira kalasi la Fomu 1. Mafunso othandiza ndi awa:

Ndi maphunziro ati amene mwana aliyense ayenera kutenga, ndipo ndi ati amene angasankhe?

Pa osankhawo, ndi ati amene amapitirira mpaka Fomu 4 pa sukulu yomweyo? Phunziro limene lili ndi mphunzitsi mmodzi yekha limatha kuima mphunzitsiyo akasamutsidwa.

Kodi pali maphunziro awiri amene amaphunzitsidwa nthawi imodzi, moti wotenga lina sangatenge linzake?

Kodi sukulu ili ndi labotale ndi laibulale, ndipo mabuku amabwerekedwa motani?

Ndi zipangizo ziti zimene mwana ayenera kukhala nazo, monga kabokosi ka zipangizo za Masamu ndi dikishonale?

Kholo lipemphenso mwana kuti akopere ndondomeko ya maphunziro a sabata yonse papepala, ndipo pepalalo likhomedwe pakhoma kunyumba. Pa ulendo womwewo ndi bwino kuonetsetsa kuti dzina la mwana ndi tsiku lake lobadwa zalembedwa m'kaundula wa sukulu mofanana ndi mmene zilili pa zotsatira za Sitandade 8, chifukwa kusiyana kwa mayina kumadzavutitsa polembetsa mayeso a MANEB ndi pofunsira malo ku koleji.

Ndondomeko ya kunyumba

Ana ambiri a boma lino amaphunzira m'sukulu zoyendera, makamaka za CDSS. Mwana wa sukulu yogonera komweko amakhala ndi nthawi yowerenga ya madzulo imene sukulu inaika kale. Woyendera alibe mwayi umenewo, ndipo banja ndilo liyenera kumupangira.

Kukonza kwake kuyambe ndi kuwerengera nthawi moona mtima. Mwana amene amayenda ola limodzi kupita ndi ola lina kubwerera, akafika n'kukatunga madzi, kusesa, kuphika kapena kukatsekera mbuzi, amatsala ndi nthawi yochepa dzuwa lisanalowe. Ngati banja lingamupatulire maola awiri pa tsiku, amodzimodzi tsiku lililonse, ndiye kuti lachita chachikulu. Kumene kulibe magetsi, ola la masana atangofika ndi ola la m'mawa kwambiri n'zodalirika kuposa kudikira usiku, ndipo kanyale ka sola n'kothandiza kuposa koloboyi amene utsi wake umawawa m'maso.

Pogawa maolawo, Masamu ndi Chingerezi zikhalepo tsiku lililonse, ngakhale kwa mphindi 30, chifukwa maphunziro awiriwa amakula ndi kubwereza. Masamu saphunziridwa powerenga ngati nyuzipepala, koma powerengetsa mafunso papepala. Chingerezi chimakula powerenga mokweza, kulemba ndime yaifupi ndi kumvera nkhani za Chingerezi pa wailesi. Nthawi yotsalayo ipite ku maphunziro amene anaphunzitsidwa tsiku lomwelo, mutu ukadali wotentha. Phunziro limene mwana amaliopa liikidwe poyamba, asanatope, popeza mwana akasiyidwa yekha amangowerenga limene amalikonda. Loweruka likhale lobwereza za sabata yonse ndi kukopera zimene anaphonya.

Ndondomekoyi iyeneranso kutsata nyengo. Teremu yoyamba imakumana ndi kusosa, kugalauza ndi kubzala. Yachiwiri imagwa m'nyengo ya kupalira ndi kubandira, pamene chakudya chachepa m'nkhokwe, maganyu achuluka ndipo mitsinje imadzaza. Yachitatu ndi ya kukolola, kuzizira ndi masiku aafupi. Banja lodziwa zimenezi limakonzeratu kuti ntchito ya kumunda ya mwana ikhale ya Loweruka ndi patchuthi, ndiponso kuti tsiku la msika lisakhale tsiku lojomba. Tsiku limodzi lojomba ku sekondale limatanthauza kuphonya maphunziro angapo nthawi imodzi, ndipo aphunzitsi sabwerera m'mbuyo chifukwa cha mwana mmodzi.

Pa ntchito za pakhomo pafunika chilungamo. M'mabanja ambiri mtsikana akafika kuchokera kusukulu amalunjika kukhitchini, pamene mchimwene wake akutsekula buku. Onse awiri adzalemba mayeso amodzi, m'chipinda chimodzi, pa nthawi yofanana. Ntchito zigawidwe kuti aliyense apeze maola ake. Makolo amene ana awo amachita lendi pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha ayenera kuwayendera kawirikawiri, n'kupeza munthu wamkulu wodalirika wowayang'anira, chifukwa ana otere ndi amene amataya maphunziro msanga popanda wowaona.

Sukulu ikakhala yopanda labotale

Sukulu zambiri za CDSS zilibe labotale yokwanira, ndipo mabuku ndi ochepa. Ichi ndi chifukwa chimene ana ena amapereka potaya sayansi. Vutoli ndi lenileni, koma silitseka njira. Mitu yambiri ya Fomu 1 ingathe kumveka ndi zinthu za pakhomo: kusungunula mchere m'madzi n'kuuumitsa padzuwa, kusefa madzi a matope, kumeretsa nyemba m'chitini, kuyeza munda ndi chingwe. Ana angathe kupanga gulu la anayi kapena asanu logawana buku limodzi ndi kufunsana mafunso. M'midzi yambiri muli achinyamata amene anamaliza Fomu 4, aphunzitsi opuma ntchito ndi alangizi a zaumoyo kapena zaulimi amene angathandize gulu lotere kamodzi pa sabata akapemphedwa mwaulemu. Mutu umodzi susenza denga.

Kuwerenga lipoti la teremu

Lipoti la kumapeto kwa teremu si longoonapo nambala imene mwana wakhala m'kalasi. Nambalayo imanyenga, chifukwa mwana angathe kukhala pakati pa khumi oyambirira pokhoza bwino maphunziro osavuta kwa iye, uku akulephera Masamu. Kholo liyang'ane phunziro lililonse palokha, makamaka Chingerezi, Masamu ndi sayansi, lione ngati pali mpata wosalembedwa malikisi, ndipo lisunge malipoti onse atatu kuti lithe kuyerekeza. Malikisi akatsika m'teremu yoyamba sizodabwitsa, popeza mwana akuzolowera malo atsopano. Akatsikanso m'teremu yachiwiri, imeneyo ndi nthawi yokaonana ndi mphunzitsi wa phunzirolo, osadikira kutha kwa chaka. Kukalipa ndi chikwapu sizikweza malikisi. Chothandiza ndi kufunsa mwanayo mutu weniweni pamene anayambira kusochera, n'kubwerera pamenepo.

Gawo la dera lonse

Nkhaniyi si ya banja lokha. Misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi ndi malo oyenera kufunsa chifukwa chake phunziro lina lilibe mphunzitsi, kapena mmene ndalama zachitukuko cha sukulu zikugwirira ntchito. Zosowa zikuluzikulu monga labotale, laibulale, nyumba za aphunzitsi, malo ogona atsikana ndi milatho ya pa njira za ana ziyenera kudutsa ku komiti yachitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku komiti ya dera, ADC, kuti zilowe m'mapulani a khonsolo. Khansala wa wodi ndi mafumu ali ndi udindo wozitsatira. Mabanja amene akulephera kupeza zofunika za mwana asamusunge pakhomo mwakachetechete, koma akadziwitse mphunzitsi wamkulu, komiti yachitukuko ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, kuti mwanayo aganiziridwe pa thandizo la ana ovutika pamene lilipo.

Malo a ku sekondale ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza Sitandade 8, choncho mwana amene wasankhidwa wapeza mwayi umene anzake ambiri auphonya. Kuti mwayiwo usatayike, banja likaonekere kusukulu teremu ikangoyamba, likhome ndondomeko ya maphunziro pakhoma, lipatule maola owerengera, ndipo Loweruka lililonse makope onse ayalidwe pamkeka.